Kukonza nyumba yakale yosungiramo zaluso: yambani ndi madzi, penti abwere pomaliza

Nyumba yakale ikayamba kuoneka yotopa, ambiri amathamangira kukagula penti. Koma pa nyumba yosungiramo zaluso, penti amabwera kumapeto kwenikweni. Chimene chimadya makoma, matabwa ndi zithunzi zili mkatimo ndi madzi: odontha kudenga, okwera kuchokera m'nthaka, ndiponso chinyezi cha mumpweya. Malangizo ambiri ali m'munsimu akutsata njira zimene madziwo amadzera.

Nyumba zimene tikunena ndi zofanana ndi Mandala House ya ku Blantyre, yomwe inamangidwa mu 1882 kuti azikhalamo bwana wa kampani ya African Lakes, ndipo masiku ano pansi pake amaonetserapo zaluso pomwe m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Nyumba zambiri za kumishoni ndi za boma la atsamunda zinamangidwa mofananamo: njerwa zofewa, makoma ochindikala opanda simenti, khonde lalikulu, denga la malata pa mitengo. Mmisiri wozolowera nyumba za makono akaigwira nyumba yotere monga agwirira zinazo, amaiwononga ali ndi mtima wabwino.

Musanagwire hamala

Funsani kaye ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa zipilala za dziko. Ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act sililola kusintha kapena kugwetsa chipilala popanda chilolezo, ndipo khomo logogoda ndi la Dipatimenti ya Museums and Monuments. Ku South Africa lamulo la 1999 limafuna chilolezo pa nyumba iliyonse yopitirira zaka 60, ngakhale isali pa mndandanda uliwonse.

Mukatero iphunzireni nyumbayo kwa dzinja lathunthu. Nyumba yoyendera mu Okutobala imabisa matenda ake onse. Lowani mu siling'i ndi tochi mvula ili mkati, muone pamene dontho likuyambira, chifukwa banga la pa siling'i nthawi zambiri limakhala patali ndi bowo la pa lata. Madzi amayenda ndi mtanda asanagwe. Jambulani khoma lililonse, mkati ndi kunja, mutaika tepi yoyezera pambali pake. Wolemba mapulani ayeze nyumba yonse monga ilili, kupindika kwake komwe. Pa mng'alu uliwonse lembani mizere iwiri ya pensulo mbali ndi mbali, lembaninso tsiku, ndipo muziyeza mwezi ndi mwezi. Mng'alu wosapitirira mamilimita 5 umene sukusuntha ndi wongotseka. Umene ukukula, kapena khoma lotupira kunja chakumtunda, ndi nkhani ya injiniya, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi denga limene likukankha makoma kapena madzi amene afewetsa maziko.

Dziwaninso chimene anamangira. Tengani kachibenthu ka dothi la pakati pa njerwa, mukadonthezere vinega. Kakachita thovu, muli laimu. Kakasungunuka m'madzi wamba, ndi matope. Muyese malo angapo, poti nyumba za zaka 100 zinakonzedwapo ndi manja ambiri. Siling'i, matailosi apansi ndi malata ena otuwa a m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970 akhoza kukhala a asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo, ndipo penti wakale wa pa zitseko amakhala ndi mtovu. Zimenezi sizikwechedwa zouma ndiponso sizidulidwa ndi makina; zimafuna anthu ophunzitsidwa.

Zobisika zoterezi ndizo zimatalikitsa ntchito. Nyumba yosungiramo zaluso ya Rijksmuseum ku Amsterdam, yomwe inatsegulidwa mu 1885, inatsekedwa mu 2003 anthu akuyembekeza zaka zisanu zokha. Inadzatsegulidwanso mu Epulo 2013 itadya mayuro 375 miliyoni, ndipo china chimene chinachedwetsa ntchito ndi mkangano wa njira ya njinga yodutsa pansi pa nyumbayo. Choncho pa bajeti yanu sungani padera 15 mpaka 20 peresenti ya zodzidzimutsa, ndipo kambiranani ndi anthu oyandikana nanu mapulani asanasainidwe.

Tulutsani zaluso zonse

Palibe chithunzi kapena chiboliboli chotsala m'chipinda chimene amisiri akugwiramo ntchito, ngakhale mutachifunditsa. Fumbi la laimu limalowa paliponse ndipo limadya utoto. Kugunda kwa hamala kumagwedeza penti amene anayamba kale kusweka.

Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala, chijambulidwe kumaso ndi kumbuyo, ndipo chilema chilichonse chilembedwe chisanasunthidwe. Chithunzi chachikulu chinyamulidwe ndi anthu awiri, choimirira, dzanja lina pansi pa felemu lina m'mbali, atavala magolovesi. Pokulunga, choyamba ndi pepala losalala lopanda asidi, kenako pulasitiki ya timatuza, timatuzato titayang'ana kunja. Tikayang'ana mkati timadinda timadontho pa penti, ndipo kukatentha sitichokanso. Nyuzipepala ayi, inki yake imatsalira.

Chipinda chosungiramo chikhale chouma, chokhoma, chopanda mapaipi a madzi pamwamba. Mashelefu atalikire pansi masentimita 15 ndipo asagunde khoma lakunja. Ziboliboli, zigoba, ng'oma ndi nsalu ziyang'anitsitseni: kaufa kosalala pansi pa chiboliboli ndi chizindikiro chakuti chikufumbwa. Chotero chipatuleni. Chikulungeni m'pulasitiki yomata bwino, chikhale mufiriji ya madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu, ndipo mukachitulutsa musachimasule mpaka tsiku lonse litatha, kuti thukuta ligwere pa pulasitiki osati pa mtengo. Zithunzi za penti wa mafuta, ng'oma zokunga ndi zinthu za minyanga sizilowa mufiriji. Zimenezo itanirani katswiri.

Moto

Gawo ili tikuliika patsogolo pa denga mwadala, chifukwa nthawi imene nyumba yakale ikukonzedwa ndi imene imapsa. Sukulu ya zaluso ya ku Glasgow inapsa mu 2014, ndipo mu Juni 2018 inapsanso ntchito yoikonza itatsala pang'ono kutha. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa mu 2019 chili ndi nsanja za amisiri. Mu Epulo 2024 nyumba yakale ya Børsen ku Copenhagen inayaka ili mkati mokonzedwa, mpaka anthu odutsa mumsewu ankathandiza kutulutsa zithunzi.

Kuwotcherera ndi kudula zitsulo kuchitikire panja, kutali ndi nyumba. Ngati palibe kuchitira mwina, pakhale chikalata chosainidwa tsiku lomwelo, munthu mmodzi aime ndi chozimitsira moto osagwira ntchito ina, ndipo ntchitoyo ithe patatsala maola 2 kuti anthu aweruke. Nthethe ikagwera m'fumbi ndi zisa za mbalame za mu siling'i imanyeka mwakachetechete, n'kudzabuka usiku. Mlonda asasonkhe moto wowotha pakhonde. Mpatseni chovala chofunda ndi malo ake. Nsanza za penti ndi zinyalala za matabwa zituluke madzulo aliwonse.

Denga ndi magata

Ntchito ya denga ndi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala. Ngakhale apo, sasulani pokhapo pamene mungathe kufolera tsiku lomwelo, ndipo lona akhale pafupi.

Mitengo ya denga ibayeni ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto kumene imalowa m'khoma, poti n'kumene imaola ndiponso n'kumene chiswe chimalowera. Mtanda ukaola kumapeto kokha, dulani poolapo, mulumikize thabwa latsopano louma bwino ndi mabawuti. Musagwetse mtanda wonse. Mukapeza kuti ndi mkungudza wa ku Mulanje, dziwani kuti mwagwira chinthu chimene simungachigulenso, chifukwa mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe. M'nyumba ya zaluso musayerekeze: amanunkha zaka, amadontha kukatentha, ndipo amakoleza moto. Pakani mankhwala a boron, omwe amasungunuka m'madzi ndipo sanunkha.

Malata atsopano akhale a mizere yofanana ndi akale, osati a IBR, ndipo geji 26 ndi yolimba kuposa 28. Pogundana m'litali asanjikizane masentimita 20, m'mbali mzere umodzi ndi theka. Msomali ulowe pamsana pa mzere, osati m'ngalande mmene madzi amayenda. Pansi pa malata yalani pepala lonyezimira lobweza kutentha. Ngati mu siling'i muli mileme, itulutseni madzulo ikapita kokadya ndi kutseka mipata ndi sefa ya waya, mpweya uzipitabe.

Madenga ambiri sadontha pakati pa lata. Amadontha pamene madenga awiri akumana, pozungulira chumuni, ndi pa magata. Magata akale kawirikawiri ndi aang'ono, ndipo aliyense amene anaona mvula ya namondwe Freddy ku Blantyre mu Malichi 2023 akudziwa kuchuluka kwa madzi amene denga lingalandire pa ola limodzi. Kulitsani magata, onjezani mapaipi otsitsa madzi, ndipo gata lililonse likhale ndi potayira kunja likadzaza, kuti lisasefukire kukhoma. Paipi isathere pa phazi la khoma. Ilowe m'ngalande yopita kutali.

Nthaka yozungulira nyumba

Pa zaka zambiri dothi la panja limakwera, maluwa amabzalidwa m'mbali mwa khoma n'kumathiriridwa tsiku ndi tsiku, wina n'kudzathira konkire mpaka kugunda njerwa. Zotsatira zake ndi mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma, pulasitala wofufuma, ndi mchere woyera pa njerwa. Tsitsani nthaka kuti ikhale masentimita osachepera 15 pansi pa msinkhu wa pansi pa nyumba, ndipo itsetserekere kunja. Konkire yogunda khoma idulidwe, pasiyidwe mpata wothira miyala ing'onoing'ono. Pokumba musapitirire kuya kwa maziko, omwe m'nyumba zakale amakhala osazama. Mabowo olowetsa mpweya pansi pa matabwa, amene ena anawatseka poopa makoswe, atsegulidwe ndi kuikidwa sefa. Njira za chiswe zitsatireni mpaka ku chulu chake.

Mukatha izi dikirani. Khoma lochindikala limatenga miyezi kuti liume, ndipo zambiri zimene zimaoneka ngati zofuna mankhwala odula zimatha zokha madzi akasiya kufika.

Makoma: laimu, osati simenti

Khoma lakale limamwa madzi pang'ono ndi kuwatulutsanso kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa. Mukalimata simenti, zili ngati kuvala jombo za pulasitiki pa mapazi onyowa: madzi alibe potulukira. Amakwera m'mwamba, amatulukira mkati mmene muli zithunzi, ndipo njerwa zimafumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka wolimba. Simenti ndi youmanso kuposa njerwa zofewazi, ndiye nyumba ikasuntha pang'ono chimasweka ndi njerwa, pamene chofunika kusweka ndi chomangira chimene n'chosavuta kubwezeretsa. Lamulo lake n'lakuti chomangira chikhale chofewa kuposa njerwa. Pamene anamangira matope, bwezeranipo matope. Pamene anamangira laimu, laimu.

Pogula samalani. Laimu wa kumunda, wothira m'nthaka, ndi mwala wongopera ndipo sagwira. Mukufuna laimu wowotcha, wonga amene amawotchedwa ku Balaka, kapena laimu womangira wa m'matumba. Wowotchayo amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa iye, chifukwa amawira ndi kuthovoka. Magalasi oteteza maso, magolovesi ndi jombo n'zosakambirana. Akazizira musefeni, akhale m'diramu madzi atamuphimba kwa mwezi umodzi, ndipo wa pulasitala womaliza miyezi 3. Wa m'matumba munyikeni chimodzimodzi, masiku angapo kapena kuposerapo. Izi zikutanthauza kuti laimu amanyikidwa ntchito ya denga isanayambe.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, wa timiyala tosiyana kukula. Thirani wina m'botolo la madzi, khutchumulani, mulisiye usiku. Dothi lokhala pamwamba pa mchengawo likaposa 8 peresenti, utsukeni. Muyeso wozolowereka ndi ndowa imodzi ya phala la laimu pa ndowa 3 za mchenga. Musathire madzi msanga. Pondani ndi kutembenuza kwa nthawi, chimafewa chokha. Madzi akachuluka, chikauma chimang'aluka. Ndipo padzapezeka mmisiri wonena kuti tithireko simenti pang'ono kuti zigwire msanga. Kanani. Kasimenti kochepako kamatseka timabowo timene laimu amapumira, ndipo chotuluka chimakhala chofooka kuposa laimu payekha.

Yambani ndi chigawo choyesera cha mita imodzi mbali zonse, pamalo osaonekera, muchione patatha milungu iwiri. Mukakhutira pitirizani motere. Kokotani mizere yofumbutuka ndi tchizulo chaching'ono pamanja, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mzere, nthawi zambiri mamilimita 20 mpaka 25. Galainda imadya m'mphepete mwa njerwa, isayandikire. Mizere imene ili yolimba isiyeni. Sesani fumbi, nyowetsani khoma dzulo lake ndi m'mawa mwake, kenako kanikizani laimu mpaka mkati. Akayamba kulimba, moti chala sichilowa koma chikhadabo chikulowa, mugogodeni ndi burashi youma kuti atsekeke bwino.

Pulasitala apakidwe m'magawo osapitirira mamilimita 10, gawo loyamba likandidwe mizere kuti lachiwiri ligwire, ndipo pakati pawo papite sabata kapena kuposa. Laimu salimba chifukwa chouma, amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono ali wachinyezi. Dzuwa la Okutobala likamuwomba amasanduka ufa. Pachikani ziguduli zonyowa kutsogolo kwa khoma, zisaligunde, ndipo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino, ndipo chiperoni chimene omanga ena amadandaula nacho, kwa laimu ndi mdalitso.

Pomaliza pakani laimu wamadzimadzi ngati mkaka, pa khoma lonyowetsa, ulendo 4 kapena 5, tsiku limodzi ulendo umodzi. Akamapakidwa amaoneka ngati palibe chimene mwachita, amayera akauma. Penti wa mafuta kapena wa pulasitiki pa khoma lotere amabweza vuto lonse lija.

Musanakwatule penti wakale mkati, palani kabwalo kakang'ono ndi lezala gawo ndi gawo, muone mitundu imene ili pansi. Ku Rijksmuseum zokongoletsa za Pierre Cuypers, amene analemba mapulani a nyumbayo, zinali zitakwiriridwa ndi penti woyera, ndipo kuzibwezeretsa kunasintha nyumba yonse. Pamene chinthu chinatayikiratu, musapeke chakale chabodza. Mfundo za Venice Charter za 1964, zimene akatswiri a m'maiko ambiri anagwirizana pa kakonzedwe ka nyumba zakale, zimati chatsopano chigwirizane ndi chakale koma chizidziwika kuti n'chatsopano. Neues Museum ya ku Berlin, imene inaphwanyidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kutsegulidwanso mu 2009, ndi chitsanzo chabwino: akatswiri olemba mapulani David Chipperfield ndi Julian Harrap anasiya zipsera za nkhondo zikuoneka, ndipo mipata anaitseka ndi njerwa zosapaka kanthu. Ife tikuona kuti njira imeneyi ndi yoona mtima, ndiponso ndi yotsika mtengo kuposa kuyeretsa chilichonse.

Mazenera, magetsi ndi mpweya

Zitseko ndi mazenera akale akonzedwe, asasinthidwe ndi a aluminiyamu. Pa magalasi matani pepala losefa cheza cha UV chimene chimafwifwitsa mitundu, ndipo kumbali ya dzuwa ikani makatani.

Mawaya onse akale achoke. Atsopano ayende m'mapaipi pamwamba pa khoma kapena mu siling'i; kusema ngalande m'njerwa zofewa kumafooketsa khoma. Ikani zida zomva utsi mu siling'i momwe, zokhala ndi batire. Chimbudzi, thanki ya madzi ndi khitchini zisakhale pamwamba pa chipinda cha zaluso. Njira ya njinga za olumala ikwere mita imodzi pa mamita 12 alionse, ndipo imangidwe moti itha kuchotsedwa osagumula masitepe akale.

Mamyuziyamu ambiri masiku ano amavomereza chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti ndi kutentha kwa madigiri 16 mpaka 25, bola chinyezi chisasinthe kuposa 10 peresenti pa tsiku. Chikakhala pamwamba pa 65 kwa masiku angapo, nguwi zimamera pa nsalu ndi mapepala, ndipo m'dzinja mwathu muno kupitirira 70 si zachilendo. Apa ambiri amaganiza za makina oziziritsa mpweya. Kumene magetsi amazimazima, makinawa amawononga kuposa kuthandiza: akayaka chipinda chimauma, akazima mpweya wofunda wachinyezi umalowa n'kuchita thukuta pa zinthu zozizira, matabwa amatupa ndi kufota mpaka penti kusweka. Makoma ochindikala, khonde ndi siling'i yaitali zimasunga kale mpweya wosasinthasintha. Zithandizeni ndi mafani, makina ang'onoang'ono okoka chinyezi m'miyezi ya mvula, ndi silica gel (timibulu tomwa chinyezi) m'makabati a galasi a zinthu zosalimba. M'chipinda chilichonse ikani kachida kolemba chinyezi ndi kutentha, kayambe ntchito zaluso zisanabwerere.

Nyali zikhale za LED. Zojambula pa pepala, nsalu ndi zinthu za nthenga zisalandire kuwala kopitirira 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala). Zithunzi za penti wa mafuta 200 lux. Mtundu ukafwifwa ndi kuwala subwereranso.

Kubwezeretsa zaluso

Tsiku lotsegulira limakhala litalengezedwa kale, alendo olemekezeka ataitanidwa, ndiye anthu amapachika zithunzi pa khoma losauma. Musalole. Pulasitala amauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo wa laimu amachedwa kuposa apo. Matani pulasitiki ya masentimita 50 mbali zonse pa khoma, mutseke m'mbali ndi tepi, muione mawa lake: mukapeza thukuta kuseri, khoma silinaume. Makabati opentedwa kumene akhale otsegula milungu 4, chifukwa mpweya wa penti ndi guluu umadetsa zitsulo ndi kudya mapepala. Kachida kaja kasonyeze chinyezi chokhazikika kwa mwezi wathunthu.

Mabokosi akalowa m'chipinda akhale tsiku limodzi osatsegulidwa. Chinthu chilichonse chiyerekezedwe ndi chithunzi chake chija musanachipachike. Pachikani pa njanji yokhomedwa kumtunda kwa khoma, kuti musamaboole njerwa pa chionetsero chilichonse, ndipo kumbuyo kwa felemu ikani timatabwa kapena tizikoko tosiya mpata wa masentimita 2 kapena 3 kuti mpweya uzidutsa. Zojambula pa pepala zisapite pa khoma lakunja loyang'ana kumene mvula imachokera.

Kontilakitala asalandire ndalama zonse tsiku lopereka makiyi. Lembani mu mgwirizano kuti 5 peresenti idzaperekedwa pakatha miyezi 12, denga ndi magata zitaona dzinja lathunthu. Apereke mapulani osonyeza pamene waya ndi paipi iliyonse yadutsa, ndi muyeso wa laimu ndi mchenga umene anagwiritsa ntchito, ndipo makope awiri asungidwe m'nyumba zosiyana. Musankhe munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe m'buku, woti azikwera kukachotsa masamba m'magata mu Okutobala mvula isanagwe ndi mu Meyi itatha, aziyendera mu siling'i pa mvula yoyamba yamphamvu, ndi kuzungulira maziko mwezi uliwonse kuyang'ana njira za chiswe. Diramu imodzi ya phala la laimu itsale kuseri kwa nyumba madzi ataiphimba, yotsekera timing'alu tikangooneka. Laimu wotere saonongeka malinga madziwo asaphwe.